Loko Wakale wa Bizwick Mulepa

Mtembo unapezeka Lolemba nthawi ili 6:40 m'mawa, m'kachipinda kakumapeto kwa ofesi ya bungwe la Malire Athu pa Mulanje Boma. Anaupeza ndi mayi Joice Mwahara, mkulu wa ofesiyo, omwe analawirira tsikulo chifukwa maloya awiri ankayembekezeka kufika 9 koloko. Pofika 7:15, Insipekitala Marjory Namaona a nthambi yofufuza milandu anali ataima pakhomo pa kachipindako, manja ali m'matumba a jekete, akuyang'ana osalowa. Anali atagwira upolisi zaka 26, ndipo kuthamangira mtembo anasiya kalekale.

Womwalirayo anali Bizwick Mulepa, wazaka 44, yemwe ankayang'anira makompyuta a ofesiyo. Anagona chafufumimba pakati pa mpando ndi kabati yachitsulo momwe munali seva, kompyuta yaikulu yosunga zinthu zonse za bungwelo. Kunkhongo kunali bala limodzi lalikulu. Pansi pa tebulo panali chozimitsira moto chofiira, chopukutidwa bwino kuposa tsiku lomwe chinagulidwa. Chomwe a Namaona anayang'anitsitsa si balalo ayi, koma zovala. Munthuyo anali m'kabudula ndi vesiti, phazi limodzi lili ndi patapata, lina lopanda.

Dokotala anati imfa inachitika Lamulungu, pakati pa 9 ndi 11 koloko m'mawa. Chitseko sichinathyoledwe. Malaputopu awiri anali pomwepo pa tebulo, ndipo foni ya womwalirayo inali pansi pa mpando. Nkhani ya akuba a Namaona anaitaya pomwepo.

Pakhonde panakhala mayi wina wachikulire, atakumbatira kachikwama ka pulasitiki. A Namaona atafunsa kuti ameneyo ndani, mayi Joice anapukuta misozi n'kufotokoza. Anali mayi Eneles Nihoriya, ochokera m'mudzi wa kuseri kwa Limbuli, omwe ankayankhulira mabanja 63. M'chaka cha 2021 bungwelo linayeza minda ya mabanjawo. Mayi aliyense anaima pa ngodya ya munda womwe anamusiyira amake, n'kujambulidwa, n'kudinda chala, ndipo manambala a malire analembedwa. Mapepala omwe anapatsidwa anapita ndi madzi a namondwe wa 2023, limodzi ndi nyumba zomwe. Mitengo ndi vetiva wa m'malire zinakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Pobwerera kuchokera ku kampu komwe anathawira madzi, anapeza mkulu wina wamalonda, Golden Khoromana, atazunguliza waya malo onsewo, ali ndi kalata yonena kuti anagula kwa malume awo omwe anamwalira kale.

Mlandu unali wolowa Lachinayi. Lachisanu lapitalo khoti linalamula kuti zonse zomwe zili m'seva zokhudza mindayo zisindikizidwe Lolemba, maloya a mbali zonse akuona. Umboni wina kunalibe, ngakhale kapepala kamodzi.

Mayi Joice analoza sikirini yomwe inali chiyakire. Panali mizere iwiri yokha ya Chingerezi, ndipo anaimasulira: makinawo akuti sakumudziwa loko yemwe anakhomera malo osungira zinthuzo.

A Namaona anatuluka kukawauza mayi Eneles kuti lero sipasindikizidwa kanthu. Mayiwo anangogwedeza mutu. Anati Bizwick anali munthu, ankawalandira ndi mpando, osati kuwaimika pawindo. Kenako anafunsa zomwe anabwerera.

"Nanga zithunzi zathu zija, amayi, zikadali m'menemo?"

A Namaona anati sakudziwa. Sanafune kunama m'mawa wotero.

Nthawi ili 11:05, galimoto ya bungwelo inafika kuchokera ku likulu ku Blantyre, itanyamula Ronald Makwinja, mkulu wa za makompyuta m'maofesi onse a bungwelo. Anali wamtali, wa magalasi, tayi ili pakhosi kutentha kuli konseko. Anayang'ana sikirini ija kwa kanthawi, n'kuvula magalasi, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono monga amachitira anthu ophunzira akaganiza kuti wapolisi ndi mbuli.

M'kati mwa seva, iye anati, muli makompyuta ena opanda thupi, ongopangidwa ndi pulogalamu. Pali pulogalamu yaikulu yomwe imawasunga ndi kuwayendetsa, ngati mwini mdadada wa nyumba za lendi. Kompyuta yam'kati momwe munali za minda inali yokhoma: zolembedwa zonse zinasokonezedwa dala, kuti wopanda kiyi azingoona zilembo zopanda mutu. Kiyi ameneyo ankasungidwa ndi pulogalamu yaikulu yakale. Pulogalamu yatsopano ili ndi loko wamtundu wina, ndipo wakaleyo simudziwa. Munthu amayenera kuyamba watsekula ndi yakale, kenako n'kuika yatsopano, n'kukhomanso. Akangoika yatsopano pamwamba, imafufuta malo omwe munali kiyi. Izi n'zomwe zinachitika Lamulungu.

A Namaona anafunsa ngati panalibe makope ena osungidwa pambali. Ronald anati alipo atatu, koma onse ndi okhoma ndi kiyi yemweyo.

Anafunsanso kuti waika pulogalamu yatsopanoyo ndani. Ronald anati ayenera kukhala Bizwick mwini wake, mwina poiwala, mwinanso ataopsezedwa ndi anthu ofuna kuti umboniwo usaoneke. Makiyi a ofesi anali ndi anthu atatu: Bizwick, mayi Joice ndi iyeyo. Koma iye, anatero, anafika ku Mulanje komaliza mu Januwale, ndipo Lamulungu anaswera kunyumba akumva mutu. A Namaona analemba zonsezo m'kabuku kawo, osakweza maso.

Golden Khoromana anabwera yekha ku polisi nthawi ya 2 koloko masana, atangoitanidwa pa foni. Anadzaza mpando wonse, makiyi a galimoto akuwazunguza pa chala. Sanakane kuti mwezi watha, pa msika wa Limbuli, anamuuza Bizwick pagulu kuti tsiku lina ofesiyo idzapsa. Anati anali atamwa pang'ono. Za Lamulungu anayankha asanafunsidwe: kuyambira 8 koloko mpaka 1 koloko anali mlendo wolemekezeka pa mwambo wotsegulira tchalitchi, atakhala kutsogolo, anthu mazana akumuona. A Namaona anaimba mafoni atatu, ndipo onse anatsimikiza.

Akunyamuka, Golden anaima pakhomo.

"Paja akuti makina aja sakutsekuka. Ndi zoona, bwana?"

"Wakuuzani ndani?"

"Mulanje ndi wamng'ono."

Anatuluka akumwetulira. A Namaona anamuda munthuyo ndi mtima wawo wonse, ndipo akanakondwa kumutsekera ngakhale usiku umodzi. Koma mutu unakana. Munthu yemwe nzeru zake zimathera pa machesi ndi petulo akanatuma anthu kukaphwanya seva kapena kuinyamula. Sakanatuma munthu kukhala pa mpando maola awiri akuika pulogalamu.

Lachiwiri, 8:30 m'mawa, a Namaona anapita kunyumba kwa Bizwick, kuseri kwa ofesi, mtunda woti munthu akakuwa amveka. Ankakhala yekha, mkazi wake ndi mphunzitsi ku Phalombe. Pakhomo panali beseni la zovala zonyikidwa, madzi atayamba kununkha. Pa sitepe panagwa jumbo ya tomato ndi mpiru wofota. Patapata winayo anali pa kanjira, pafupi ndi mpanda.

Woyandikana naye nyumba, mayi Estele, anati Bizwick ankapemphera Loweruka, choncho Lamulungu linali tsiku lake lochapa ndi kupita kumsika. Tsikulo magetsi anazima 7 koloko, n'kuyaka cha m'ma 3 masana. Itangokwana 8 koloko, iwo anamva jenereta ya ku ofesi ikulira. Bizwick anabwera kumsika 9 itapitirira pang'ono, anaima kumvetsera, anaponya jumbo pansi, n'kuliyatsa liwiro. Iwo anaseka, poganiza kuti waiwala china chake.

M'nyumba, pa tebulo, panali kope lachikuto chakuda. Bizwick analibe digiri. Makompyuta anawaphunzira pogwira, ndipo chilichonse asanachite ankayamba walemba. Pa tsamba lina analemba ndondomeko ija yomwe Ronald ananena, mzere ndi mzere: kutsekula ndi pulogalamu yakale, kuona ngati zonse zikuwerengeka, kuika yatsopano, kukhomanso. Pansi pake analemba ndi zilembo zazikulu, n'kudula mizere iwiri: OSACHITA PA JENERETA. OSACHITA MLANDU WA AMAYI USANATHE.

M'kati mwa kopemo munapindidwa makalata atatu ochokera ku likulu, onse osainidwa ndi Ronald Makwinja, olamula kuti pulogalamu yatsopano iikidwe mwezi usanathe chifukwa kukubwera oyendera za chitetezo cha makompyuta. Pa kalata iliyonse Bizwick analemba yankho limodzimodzi ndi pensulo: ndidzachita Lachisanu, mlandu ukatha.

A Namaona anakhala pa mpando wa womwalirayo kwa kanthawi. Munthu yemwe analemba izi sakanaiwala mzere woyamba wa ndondomeko yake yomwe, ndipo sakanapita kukagwira ntchito ya maola awiri ali m'vesiti, kope atalisiya kunyumba. Pomwe jenereta inkalira, iye anali kumsika akusankha tomato.

Anabwerera ku ofesi n'kuzungulira kuseri. Mayi Joice anati thanki ya jenereta inali youma kuyambira sabata yatha, ankadikira dizilo wa mwezi wamawa. A Namaona anatsekula chivindikiro n'kuviika kamtengo. Kanatuluka konyowa mpaka pakati. Kuseri kwa kanyumba ka jenereta kunali chigubu chachikasu chatsopano, chomwe mayi Joice anali asanachionepo.

Anayenda wapansi mpaka pa siteji ya akabaza pafupi ndi pomwetsera mafuta, chigubu chili m'manja. Anafunsa asanu osaphula kanthu. Wachisanu ndi chimodzi anali bambo Danieli, wa imvi, yemwe wapalasa njinga pamalopo kuyambira msewu usanakonzedwe. Anachizindikira chigubucho asanachigwire. Anati Lamulungu, 8 koloko isanakwane, bwana wina anatsika minibasi ya ku Blantyre, anagula chigubu pa golosale, anathiritsa dizilo, n'kukwera njinga yake. Njira yonse ankadandaula kuti dizilo amudonthezera pa buluku. Ndipo anafunsa funso lomwe bambo Danieli analidabwa: kodi anthu akuno amatuluka nthawi yanji ku tchalitchi?

A Namaona anafunsa ngati angamuzindikire. Bambo Danieli anaseka.

"Ndamuona dzulo, amayi. Anadutsa pompano pa galimoto ya bungwe lija, atakhala kutsogolo. Ndinamukwezera dzanja, iye n'kuyang'ana kumbali."

Lachitatu nthawi ili 10:20 m'mawa, Ronald Makwinja anakhala m'chipinda chofunsira mafunso pa polisi ya Mulanje. Anabwera akuganiza kuti akudzasaina sitetimenti. Pa tebulo panali chigubu chachikasu, kope lakuda ndi patapata mmodzi. A Namaona sanafulumire. Anamukumbutsa zomwe ananena Lolemba, za Januwale ndi za mutu, n'kumufunsa ngati akufuna kusinthapo kanthu. Anati ayi. Anamuwerengera makalata ake atatu ndi mayankho a pensulo. Kenako anatsekula chitseko, bambo Danieli n'kusuzumira, n'kupereka moni mwaulemu, n'kufunsa ngati buluku lija linayera.

Chitseko chitatsekedwa, Ronald anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. 

"Munkaganiza kuti ali ku tchalitchi," anatero a Namaona.

"Ndinaiwala kuti amapemphera Loweruka. Zaka zisanu ndi chimodzi tikugwira limodzi, ine n'kuiwala."

Zotsalazo zinatuluka zokha. Maofesi ena onse anali ataika kale pulogalamu yatsopano. Unatsala wa Mulanje wokha, ndipo oyendera aja ankafika Lachiwiri. Akuluakulu ankamufunsa tsiku ndi tsiku kuti kodi munthu wopanda digiri akumukanika bwanji. Chaka chatha anali atalandira kale kalata yochenjeza atawononga makina a ofesi ina. Ndiye anaganiza zobwera yekha mwakachetechete, kumaliza ntchitoyo anthu ali m'mapemphero, n'kubwerera. M'maofesi enawo munalibe kompyuta yam'kati yokhoma, ndipo ntchitoyo inkayenda popanda vuto. Za loko wakale Bizwick anamuuzapo kawiri pa foni, koma iye anayesa zifukwa chabe za munthu waulesi. Anazimvetsa pomwe mizere iwiri ija inatuluka pa sikirini, ndipo nthawi yomweyo Bizwick analowa ali wefuwefu.

A Namaona anafunsa ngati Bizwick anamumenya kapena kumutukwana. Ronald anapukusa mutu. Anati Bizwick anangoyang'ana sikirini, n'kugwira m'mutu, kenako n'kunena kuti zikhoza kukonzeka. Anatulutsa mpukutu wa makiyi ake n'kumuonetsa kafulashi komwe anasungamo kope la kiyi uja. Anati abwezeretsa pulogalamu yakale pa kompyuta ina, ndipo pofika madzulo zonse zikhala zitatsekuka. Koma choyamba aimbira mayi Joice ndi loya, awauze zomwe zachitika, chifukwa uwu ndi umboni wa kukhoti ndipo sangaugwire mobisa.

"Ndinamugwadira, bwana. Ndinati tikonze awiri, wina asadziwe. Ndinamuuza kuti ndichotsedwa ntchito, ndili ndi ana atatu. Iye anati akundimvera chisoni, koma amayi aja ali ndi ana ambiri kuposa ine. Anatembenuka n'kuyamba kufufuza nambala."

"Ndiye munatenga chozimitsira moto."

"Ndinkangofuna asiye foniyo."

A Namaona anali atamva mawu amenewo kambirimbiri m'chipinda chomwecho. Anafunsa za kafulashi. Ronald anapisa m'thumba la malaya n'kukaika pa tebulo, kakang'ono ngati chala cha mwana. Anati atazindikira kuti munthu sakupumanso, anadziuza kuti akonze yekha makinawo, kuti minda ya amayiwo isapite. Anachita zonse monga Bizwick ananenera. Anabwezeretsa pulogalamu yakale pa laputopu yake, analowetsa kafulashiko, ndipo kanapempha pasiwedi. Anayesa dzina la mkazi wa Bizwick, tsiku lake lobadwa, dzina la mudzi wake. Anakhala pamenepo mpaka 12 koloko, mtembo uli kumapazi kwake. Kenako anapukuta chozimitsira moto, anazimitsa jenereta, n'kukakwera minibasi.

A Namaona anali atawerenga kope lakuda lija tsamba ndi tsamba, kawiri. Pasiwedi munalibemo. Mkazi wa Bizwick anali atawauza kale pa foni kuti mwamuna wake zantchito zotere sankauza munthu. Anafunsabe, ngakhale ankadziwa yankho.

"Iwalani kaye za mlandu wanu, mundiuze ngati katswiri. Pali munthu pa dziko lino angatsekule?"

"Palibe. Ngakhale omwe anapanga pulogalamuyo. Lokoyo anamupangira zimenezo."

Anamuwerengera mlandu wakupha nthawi ili 11:48. Pomumanga unyolo sanalimbane. Anangopempha kuti wina amuveke magalasi ake.

Loya wa mabanja aja anayankha foni kachitatu. Anamvetsera zonse, n'kupuma mozama. Anati apempha khoti kuti lisunthe tsiku, ndipo mwina lisunthadi, koma kusuntha tsiku sikubweretsa umboni. Golden ali ndi kalata yodindidwa. Amayiwo ali ndi pakamwa pawo basi. A Namaona anadula foni akumva kutopa komwe sanakumvepo ngakhale pa milandu yomwe wakupha sanapezeke. Uwu anaumaliza m'masiku atatu, ndipo sunathandize aliyense.

Mayi Eneles anali pa benchi ya panja pa polisipo. Masiku onse atatu sanabwerere kumudzi. Ankagona kwa mbale wawo pa Boma, m'mawa n'kudzakhala pamenepo ndi kachikwama kawo. Ataona a Namaona anaimirira.

"Tamva kuti mwamugwira. Ndi Golden?"

"Ayi, amayi. Ndi mnzake wa kuntchito."

Mayiwo anayesa kuziika m'mutu. Anafunsa ngati munthuyo anali ndi chifukwa ndi minda yawo. A Namaona anati ayi, minda yawo sanaionepo n'komwe. Ankangoopa kuchotsedwa ntchito.

"Ndiye zithunzi zathu anazifufuta?"

"Sanafufute. Zonse zili momwemo, inu muli momwemo, mwaima pa malire anu. Koma mawu otsekulira anali m'mutu mwa Bizwick."

Mayi Eneles anayang'ana chakuphiri, kenako anatsekula kachikwama kaja. Munali envulopu yaikulu yakhaki, yatsopano, yomwe amayi a m'mudzimo anawapatsira kuti adzaikemo mapepala asanyowe ndi mvula. Anaitulutsa, anaiwongola pa bondo, n'kuipereka kwa a Namaona. Anati mwina ku ofesi kuno igwira ntchito.

Anafunsa ngati maliro a Bizwick ndi mawa. A Namaona anati inde, 10 koloko, nthawi yomweyo ya khoti. Mayiwo anaganiza pang'ono, n'kumanga chitenje chawo bwinobwino.

"Tipita kumaliro," anatero. "Kukhoti tikanena chiyani?"

Anatsika masitepe n'kulowera kumsewu wa ku Limbuli. A Namaona anatsala ataima pakhonde, envulopu yopanda kanthu ili m'manja.